Phula la Kandulo ya Mabli

Ana inu, mwambi wa lero ena adzakuuzani kuti unabadwira kuno kwathu. Musalimbane nawo, koma ine ndiuyambira kutali, kudziko la Wales, kumene kuli manda a Davide Woyera, nkhoswe ya dzikolo.

Za Davide anthu amasimba zambiri. Amati ankamwa madzi okha, ndipo amonke ake ankakoka okha khasu la ng'ombe popanda ng'ombezo. Amatinso tsiku lina akulalikira, nthaka inatukuka pansi pa mapazi ake n'kukhala kaphiri kuti akumbuyo amve bwino. Iye atamwalira, anthu ankakhamukira kumanda ake ndi kuchitsime cha amayi ake, a Non, chimene chinatchuka pochiza maso.

M'mudzi wina munali bambo wotchedwa Idwal, munthu wabwino ndithu, koma wodziwa zonse. Akasochera ankati akuzungulira dala. Mwana wake mmodzi yekhayo, Mabli, anadwala maso mpaka kuleka kuona. Mayi ake a mwanayo, Tangwen, anachita mwambo wa kumeneko: anayeza Mabli ndi ulusi kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kuti ulusiwo akaukute ndi phula, ikhale kandulo yofanana msinkhu ndi wodwalayo, ikayake pamanda a Davide. Phulalo analipempha kwa oweta njuchi n'kulimanga pakansalu. Idwal sanafunse kuti m'kansalumo muli chiyani.

Onse atatu anafika kumandako pa tsiku la chikondwerero cha Davide. Munali anthu inu! Nyimbo uku, mabelu uku, olumala atanyamulidwa pamachira, onse mitima ili dyokodyoko. Tangwen anatenga mwana kukaima pamzere wa kuchitsime, katundu n'kusiyira mwamuna wake.

Tsono amonke ankadyetsa alendo monga ankadyera Davide: kabuledi, masamba a anyezi ndi madzi, basi. Idwal njala inamupotokola. Atamasula kansalu kaja anapeza chibumu chachikasu chonunkhira uchi, ndipo anati, ohoo, mayiyu wandibisira tchizi chapamwamba. Pambali pake panakhala mmonke wina wokalamba, woti akanangomufunsa. Koma Idwal afunse? Analuma. Chinali chouma, chosakoma, chomata m'kamwa, koma iye anaganiza kuti zakudya za mabwana ndi mmene zimakhalira, n'kumangomeza.

Tangwen pobwera anapeza katsala kachidutswa. Anakhala pansi, kenaka anati, "Bambo a Mabli, mwadya kandulo ya mwana wanu."

Anayesa kukuta ulusi uja ndi phula lotsalalo, koma linangolekeza m'chiuno mwa mwanayo. Mabli anapapasa ulusiwo, n'kufunsa ngati Davide amalandira theka la munthu. Apa Idwal mtima unamusweka. Dzuwa linali litapendeka, ndipo makandulo ankayatsa lisanalowe.

Bamboyo anadzuka, mano akumatanabe, n'kupita kwa mmonke uja. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anafunsa: "Bambo, ndapusa. Nditani?"

Mmonkeyo anaseka mpaka misozi, kenaka anamukumbutsa kuti Davide potsanzika atatsala pang'ono kumwalira anauza anthu ake kuti azichita tinthu tating'ono. Ndiye apite kwa aliyense wonyamula phula, akapemphe kotsina chabe. Idwal anathamanga m'khamu lonse chipewa chili m'manja, kulikonse akuyamba ndi kuulula zimene wachita. Phwete linali paliponse, koma amene waseka ankatsina phula lake n'kuponyamo. Chipewa chinadzaza, ndipo kandulo inakwana msinkhu wa Mabli, phula lina n'kutsalako.

Anaiyatsa pamanda, maso a mwanayo akadali onyowa ndi madzi a pachitsime. Mabli anaphethira, anaphethiranso, kenaka analoza ndi chala.

"Amayi, ndikuona kamoto. Nanga ababa ndevu zawo zapakika chiyani chachikasu?"

Idwal analira ngati khanda, osapukuta n'komwe ndevuzo.

Kuyambira pamenepo, munthu akamachita zinthu mwa iye yekha chifukwa choopa kuoneka mbuli, anzake ankamuuza kuti, "Safunsa anadya phula." Tanthauzo lake n'lakuti wokana kufunsa amagwa m'vuto limene funso limodzi likanamupewetsa, ndipo nthawi zina wovutika nalo amakhala wina wosalakwa, ngati Mabli. Tsono mukaona chinthu chachilendo, funsani musanalume. Manyazi a kufunsa satenga nthawi, koma phula limachedwa kuchoka m'mano.