Simukhadi Yagolide ya Anachisale

Ana inu, mwambi wa mkuyu uja ndi wakale, koma kwathu ku Lizulu ukangotchulidwa, anthu amakumbukira ulendo wa Anachisale.

Anachisale ankagulitsa kabichi pamsika, ndipo chibadwire anali asanatulukepo m'dziko muno. Mwana wawo Ndaziona anakwatiwa ku Joni. Anali ndi pakati poyamba, masiku atayandikira.

"Amayi, ndikuopa. Bwerani mudzandidikirire," anatero Ndaziona pafoni. "Koma musanakwere basi, mupite ku ofesi ya mafoni akakupatseni simukhadi yogwira kunja. Mukamayandikira mudzaimbe, akamwini anu adzakuchingamireni."

Anachisale atafika ku Blantyre anapeza mzere wa ku ofesiko utatulukira panja. Mtsikana wa pakhomo anawaonetsa kakhadi koyera, kopanda chokometsera chilichonse, n'kuwauza kuti adikire awalembetse. Anachisale anayang'ana nthawi. Nanga basi ikawasiya? Anachoka pamzerepo.

Padepoti anakumana ndi bambo wa suti, atanyamula makhadi onyezimira ngati golide.

"Mayi, mukuvutikiranji ndi mizere? Iyi imagwira dziko lililonse, ngakhale pakati pa nyanja."

Bamboyo anaiika m'foni, netiweki n'kudzadza. Anachisale anapumira m'mwamba, ndipo m'basi anaonetsa anzawo khadi lomwe simuyo inathyoledwapo, akunyadira.

Atangodutsa chipata cha Mwanza, foni inati zii. Anaizimitsa, kuiyatsa, kuikweza pawindo, koma ayi ndithu. Pamlatho wa Tete thukuta linali kamukamu, osati chifukwa cha kutentha kokha. "Mwina idzuka kutsogoloku," ankadzilimbitsa mtima. Kubwereka foni kunawachititsa manyazi, poti anali atadzitama.

Ku Zimbabwe basi inawonongeka, anthu n'kugona panjira. Anachisale chakudya sichinkalowa. Ankangoona nkhope ya Ndaziona. Kodi matenda ayamba? Nanga ali ndi ndani?

Basi ina imene inadzawatenga inakawatsitsa padepoti yachilendo mumzinda wa Joni. Anzawo anabalalika. Iwo anatsala chilili pambali pa thumba la ufa ndi nyemba, anthu akungowawomba mapewa, akulankhula zinenero zosamveka. Kwa mwana wawo sankakudziwa. Misozi inali lengelenge.

Mayi wina wageni amene anali nawo m'basi, Anangozo, anabwerera atawaona.

"Anzanga, bwanji? Okuchingamirani ali kuti?"

"Foni yanga yafa," anayankha Anachisale. "Mwana wanga ali pafupi kuchira, ndipo sakudziwa kumene ndili."

Anangozo anatulutsa simukhadi ija n'kuikanda ndi chikhadabo. Golide yense anasupuka. Pansi pake panali simukhadi wamba yakumudzi, yakale, yongopakidwa utoto.

"Akupusitsani. Tchulani nambala, tiimbe pa yanga."

Anayankha anali mkamwini wawo, mawu atasasa.

"Amayi! Muli moyo? Dzulo lonse ndinali kudepoti ina, kufunsa basi iliyonse. Timayesa mwachita ngozi. Ndili komweko, Ndaziona matenda anamuyamba ali yekha m'nyumba, anthu oyandikana nafe ndiwo anathamangira naye kuchipatala."

"Ali bwanji mwana wanga?"

"Wachira, mwana wamkazi. Koma njira yonse ankangoitana inu."

Anachisale anakhala pansi pathumba paja n'kulira. Mdzukulu anamunyamula tsiku lomwelo, koma chimene anayendera mtunda wonsewo, kugwira dzanja la mwana wawo pa nthawi yowawitsa, chinali chitadutsa.

Ndiye chake akulu amati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhuyu ikapsa imafiira mokopa, koma ukaing'amba umapeza tizilombo tili nyakanyaka. Chinthu chikakukopani ndi maonekedwe, kapena ndi pakamwa pa wogulitsa, yambani mwaching'amba ndi mafunso musanachidalire, makamaka pamene wina akukudikirani kutsidya.