Tiyi wa Bwana Mkwapatira

Bwana Mkwapatira analemba malangizo ouza kompyuta yanzeru ntchito ya zida ziwiri, chotumiza mauthenga ndi chofufuta mauthenga. Pa zonse analemba zofanana: "Ichi n'cha mauthenga."

Anaitana Nachisale, woyesa malangizo pa ofesipo. "Saina kuti ali bwino, apo ayi ntchito yakuthera!"

"Ndisaina, bwana. Koma yambani mwamwa tiyi."

Nachisale anabweretsa zitini ziwiri, cha shuga ndi cha mchere. Pa zonse anamatapo kapepala: "Ichi n'cha kukhitchini."

Bwana anatapa masipuni atatu m'chitini chimodzi, n'kumwa, n'kulavula.

"Mchere, iwe! Ndikanadziwa bwanji ndi kapepala kotere?"

"Kompyutanso ikufunsa zomwezo, bwana," anatero Nachisale, akuwapatsa kapu ina yothira kale shuga.

Bwana anamwa, kenako anati, "Bweretsa malangizo aja ndilembenso."