Zala Zosalala za a Nankhoma

Panali munthu wina mumzinda wa Blantyre amene ntchito yake inali kulemba mapulogalamu a kompyuta. Mutu wake unkagwira, ndipo palibe amene ankadziwa zimenezo kuposa mwini wakeyo.

Chaka china cha njala, bungwe logawa chimanga linabwera kwa iye likudandaula. Anthu ena ankalandira kawiri, ena ankalandirira anthu amene anamwalira kalekale. Munthu uja anawalembera pulogalamu yoyenda ndi kamakina kowerenga zidindo za zala, n'kumazifananiza ndi za m'kaundula wa zaka zisanu zapitazo. Munthu akaika chala pagalasi, kakamudziwa, kankayatsa nyali yobiriwira ndipo ankalandira thumba lake. Kakapanda kumudziwa, nyali yofiira, basi azipita.

Anakayesa pa zala za anzake a muofesi, zala zodzola mafuta, zosadziwa mpini wa khasu. Sikanaphonye ngakhale kamodzi.

Mayi wina wachikulire amene ankagwira naye ntchito anali atawonjeza mizere isanu ndi umodzi ya malangizo mupulogalamuyo. Mizereyo inkalola kalaliki kupereka chimanga ngakhale makina akane, bola pakhale mboni ziwiri zomudziwa munthuyo.

"Achimwene, kakhomo aka mukasiye," anatero mayiyo. "Zala za kumudzi si zathuzi."

"Mbava zidzalowera pomwepo, mayi," iye anayankha. Anafufuta mizere ija, n'kupita kukadya nkhomaliro.

Tsono munthuyu analeredwa ndi azakhali ake, a Nankhoma, kumudzi wina ku Phalombe. Anamuphunzitsa sukulu ndi ndalama zimene ankapeza poswa miyala m'mbali mwa msewu, ndipo ntchitoyo sanaisiye ngakhale atakalamba. Iye akaimba foni, iwo ankangoti ali bwino. Iye ankakhulupirira, poti kukhulupirira n'kosavuta kusiyana ndi kukwera basi.

Mu Febuluwale chimanga chinafika pabwalo la sukulu ya kumudziko. A Nankhoma anaima pamzere ndi thumba lawo, akuuza aliyense kuti makinawo anapanga ndi mwana wawo. Atafika patebulo anaika chala. Nyali yofiira. Anachinyambita, anachipukuta pachitenje, anachipaka thukuta la pamphumi. Anayesa zala zonse khumi, koma nyali sinasinthe.

Kalaliki ankawadziwa, ankapemphera nawo mpingo umodzi.

"Amayi, ine ndikukudziwani bwinobwino, koma makinawa alibe poti ndidine," anatero. "Bwanji tiwaimbire ana anuwo?"

"Iyayi, bambo. Makina a mwana wanga sangalakwe, zalakwa ndi zala zangazi. Musakamuchititse manyazi kuntchito kwake."

Anapinda thumba lawo bwinobwino, n'kubwerera kunyumba. Mu Malichi anabweranso, zinali chimodzimodzi. Ankadya madeya ndi masamba a maungu, madeyawo akapezeka.

Mwezi womwewo, mumzinda muja munali msonkhano. Munthu uja anaonetsa pakhoma chiwerengero cha anthu amene makina anawakana: mazana anayi ndi khumi ndi awiri. Ananena kuti amenewo ndi akuba amene agwidwa. Anthu anawomba m'manja, iye mtima uli m'malo.

Patapita milungu itatu analandira uthenga woti azakhali agonekedwa m'chipatala, miyendo yatupa. Pakhomo la wodi anakumana ndi kalaliki uja, amene anamufotokozera zonse osabisa kanthu. Munthu uja analowa, anakhala pambali pa bedi, n'kugwira dzanja la azakhali ake. Atalitembenuza anaona nsonga za zala zili see, ngati mwala wa mumtsinje. Miyala imene inamuphunzitsa sukulu inali itadya mizere yonse.

A Nankhoma anatsegula maso. "Makina anu aja ndi okongola, bambo. Anthu akuwayamikira kwabasi."

Anamwalira patapita masiku awiri.

Atabwerera kuntchito anabwezera mizere isanu ndi umodzi ija. Anamaliza madzi a tiyi asanawire. Kenaka anafuna mayina a anthu mazana anayi ndi khumi ndi mmodzi otsalawo, kuti mwina awapeze akadali moyo. Mayina munalibe. Pulogalamuyo inkangowerenga okanidwa, osasunga kuti ndi ndani, chifukwa iye mwini anali ataona kuti kusunga dzina la wakuba n'kungodzazitsa malo.

Inu amene mukutsiriza maphunziro a kompyuta lero, ine ndakalamba ndikuphunzitsa ntchito imeneyi, ndipo sindikunamizani, mtima wanga ndi wolemera. Ndikudziwa kuti ambiri a inu nkhaniyi muiiwala musanafike pageti. Mudzalemba mapulogalamu osalala, mudzawayesa pa anthu ofanana ndi inu, ndipo adzakuwomberani m'manja. Chimene ndikupempha n'chochepa: wina akadzakuuzani kuti musiye kakhomo koti munthu athe kunena kuti "uyu ndikumudziwa", chala chanu chisathamangire kufufuta. Musadikire kuti wokanidwa adzadandaula. Nyali yofiira ikayaka, kwinakwake kuli munthu amene akupinda thumba lake mwaulemu n'kubwerera kwawo, ndipo foni sadzakuimbirani.