Mawu Amene Adamuika M'kamwa Mapulani

Kuchigwa, pamalo ena a malonda oyandikana ndi mtsinje waukulu, panali munthu wina womasulira mafilimu. Azungu akamayankhula pa kanema, iye ankawayankhulira m'Chichewa pa maikolofoni, anthu atathithikana pamabenchi m'kanyumba kake ka malata. Pakamwa anali napo munthuyo, zimenezo tisamumane. Analinso ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, wamng'ono woti n'kumuberekabe kumsana.

Filimu imene anthu ankaifera inali ya zigawo zambiri. Inkanena za anthu amene dziko lawo lidapsa, ndipo ankayendayenda pakati pa nyenyezi m'chombo chachikulu, kufunafuna kwina kokakhala. Woyendetsa chombocho, womasulira uja adamupatsa dzina loti Mapulani.

M'chigawo china chombo chidagwira moto. Mapulani adathamangira m'kachombo kakang'ono kothawira n'kudzitsekera, anzake akumenya galasi kunja, malo alipo. M'filimumo munthuyo sadanene kanthu. Adangobisa nkhope m'manja, akulira ndi manyazi.

Womasulira adayang'ana nkhope za anthu naona kuti zagwa. Adaopa kuti akadana naye Mapulani, mawa mabenchi atsala okha. Choncho adamuika mawu m'kamwa. Adawakoka pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati munthu amene waganiza mozama: “Pepani abale anga. Koma tikafera pamodzi, apindula ndani?”

Anthu adafa nacho chiseko, ena mpaka kuwomba m'manja. Posakhalitsa mawuwo adali paliponse. Wakabaza akasiya mnzake panjira tayala litaphulika, ankanena omwewo. Woledzera akathawa ndeu imene waiputa yekha, omwewonso. Womasulira mwiniwake akamawamva pamsika, mtima unkachita kumukoma. Ankati ndi nthabwala chabe.

Pa benchi la kutsogolo pankakhala msodzi wina, mwini bwato, wosaphonya chigawo n'chimodzi chomwe. Anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, woti ukamufunsa funso amayamba wakanda m'mutu.

Chaka chimenecho mvula idagwa yosakata, mtsinje n'kusefukira. Madzi adafika m'mawa anthu asanasukusule n'komwe. Adatenga nyumba, adatenga kanema ndi mabenchi omwe. Womasulira adakwera mumtengo wa mango, dzanja lina litagwira nthambi, linalo litakumbatira mwana pachifuwa. Pansi pake pankadutsa mbuzi, madenga ndi mabigili. Mwana adalira mpaka mawu kutha.

Chakumasana adaona bwato. Anali msodzi uja, yekhayekha, malo alipo.

“Achimwene!” adafuula womasulira. “Ine ndisiyeni. Tengani mwanayu basi.”

Msodzi adaleka kupalasa. Pakati pa iye ndi mtengowo madzi ankazungulira moopsa, ndipo mantha adamugwira. Koma adaonanso mwanayo. Womasulira adapenya ndi maso ake mutu wa bwato ukuyamba kutembenukira kumene iye anali. Msodziyo sadali munthu woipa ayi. Akadasowa chonena, manyazi akadamufikitsa pamtengopo. Milomo yake idafunafuna choti inene. Kenaka idachipeza.

“Pepani achimwene. Koma tikafera pamodzi, apindula ndani?”

Adawakoka chimodzimodzi mmene adawamvera pa benchi paja. Ulendo uno panalibe woseka. Adaviika nkhafi m'madzi n'kumapita, osacheuka.

Mkono wa munthu umatopa, abale anga, ngakhale utanyamula mwana wako wobala wekha. Opulumutsa anthu atafika tsiku lotsatira, adamutsitsa womasulira uja mumtengomo ali yekha.

Zimandiwawa kuikamba nkhaniyi, koma ndikufuna muimve inu odziwa kuyankhula, inu amene anzanu amabwera kudzakufunsani nzeru atalakwa. Kudzikonda tonse tili nako. Msodzi anali nako, inenso ndili nako, ndipo kawirikawiri chimene chimatibweza ndi manyazi basi. Tsono mnzanu akathawa udindo wake, musamusakire mawu okoma. Musamuuze kuti aliyense amatero, kapena kuti wachenjera. Musiyeni abise nkhope m'manja, alire. Tsiku lina mumtengomo mudzakhala inu, ndipo wopalasa bwatolo adzakhala woti adaphunzira kuyankhula kwa inu.