Mlomo Unafika Njinga Isanafike

M'kanyumba kometeramo tsitsi ka a Wailesi munali mpando umodzi wozungulira, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi benchi yomwe sinkazizira. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala awo omwe, chifukwa magetsi akathima makina ometera ankangoti zii, koma pakamwa pa mwini makinawo sipankadalira magetsi. Munthu ankalowamo ndi tsitsi lake ndi zinsinsi zake, n'kutuluka zonse ziwiri zitatsala. Tsitsilo ankalisesa madzulo, zinsinsizo ankapatsa wotsatira pampando.

Chaka chimene anagula njinga yamoto yaikulu, yakale ndithu koma yobangula ngati mkango wachimfine, a Wailesi analengeza kuti akupita kunja kwa dziko kukaona anzawo awiri amene anakulira nawo limodzi. Mmodzi anali makaniko, ankakhala m'tauni yaing'ono ukangodutsa malire. Winayo anali telala, ankakhala mumzinda waukulu, kutsogolo kwambiri. Onse awiri anali atawaitana pafoni mpaka kutopa. Akazi awo a Wailesi anawapempha kuti akwere basi ngati anthu ena onse, koma iwo anati basi ndi ya anthu ofuna kufika chabe, osati ofuna kuonedwa akufika.

"Chabwino, pitani," anatero mayiwo akupinda malaya m'chikwama. "Koma kumeneko mukakhale mlendo. Za m'nyumba za eni mukazisiye komweko."

A Wailesi anaseka, nati iwo sanena anthu, amangofotokoza.

Ananyamuka m'mawa, mumsewu mutadzaza kale anthu, pakuti kunyamuka mbandakucha kukanawamana oonerera. Anazungulira kaye pamsika akuliza huta, jekete yachikopa ili pathupi, chipewa cholimba chili kumutu, chikwama chitamangidwa kumbuyo ndi malamba. Ulemerero umenewo unatha tauni itangotsala m'mbuyo. Kutsogoloko kunali dzuwa, fumbi, malole owakankhira kumbali ndi mphepo yake, ndi tizilombo todzafera pamano pawo. Matako anachita dzanzi, msana unayamba kuwerenga mabampu. Koma chimene chinawazunza koposa n'chakuti panjinga palibe womvera. Ankafika pomwetsera mafuta mawu atawadzadza mpaka pakhosi, moti womwetsa mafuta mmodzi anamva mbiri yonse ya njingayo asanatseke thanki. Pachipata cha m'malire anayesa kucheza ndi wodinda mapasipoti, koma bamboyo anangodinda, n'kuloza khomo ndi chibwano.

Makaniko anawalandira ndi manja awiri, akuda bii ndi oyilo. Ankakhala ndi mkazi wake m'chipinda chimodzi kuseri kwa garaja, chogawidwa pakati ndi katani. Mayiwo anaphika nkhuku ndi mpunga, anatenthetsa madzi osamba, ndipo bedi lokhalo limene anali nalo analisiyira mlendo, iwo eni ake n'kuyala pansi kuseri kwa katani. Kutacha makaniko anapempha bwana wake kuti amupatse mpata, nagwada panjinga ya mnzakeyo mpaka masana. Anasintha oyilo, anamanga mabuleki, kenako anawauza kuti tcheni chatha, akagule chatsopano akakafika mumzinda. A Wailesi anavomera ndi mutu, maso ali pa denga la malata, pa chimbudzi chogawana ndi mabanja ena, ndi pa bwana uja amene ankaitana mnzawo ndi likhweru. Ankasonkhanitsa katundu wa pakamwa, wokauza ena.

Koma mlendo wabwino sadya chabe, amasiyako kanthu, ndipo a Wailesi anali ndi chinthu chimodzi chokha chosiya. Pachakudya chamadzulo anayamba kufotokoza za telala. Anati mnzawoyo sanakwatire, anachita kukwatiwa, pakuti makina onse osokera ndi a mkazi, shopu ndi ya mkazi, ngakhale lumo amachita kubwereka. Makaniko anaseka pang'ono, nawauza kuti adye nyama isanazizire. Koma wailesi ikagwira siteshoni siimva za nyama.

"Ndipo mayi ajawo sadziwa," anatero akutsitsa mawu kuti amveke bwino, "kuti mwamuna wawo anasiya mwana kwathu. Mtsikana wamkulu tsopano, mphuno ngati bambo ake. Agogo ake ndimawameta ine."

Mkazi wa makaniko anatola mbale n'kutuluka nazo. Mwamuna wake anati nkhani imeneyo ndi ya mwini wake, ithere pomwepo. A Wailesi anati inde, n'chifukwa chake aiuza anthu apamtima okhaokha.

Tsiku lotsatira anatsanzika, akulonjeza kuti pobwerera adzagonanso pomwepo. Msewu wopita kumzinda unali wautali kuposa mmene ankaganizira. Mvula inawapeza pachigwa, anagona m'nyumba ya alendo ya m'mbali mwa msewu, ndipo anasochera pamphambano chifukwa anthu a kumeneko ankalankhula chinenero chimene iwo ankangochimva ngati phokoso la madzi. Analowa mumzinda ali mbuu ndi fumbi, njala ya kulankhula itawafika m'mafupa.

Kwa telala kunali kwina. Nyumba inali yazipinda zingapo pamwamba pa shopu, ya mipando yofewa ndi madzi otentha otuluka pampopi. Mkazi wa telala anali mayi wamtali, wamagalasi, woseka mokweza, ndipo anawalandira ngati mlamu weniweni. Anawapatsa chipinda chawochawo, anawachapitsira zovala, ndipo telala anawayeza thupi kuti awasokere malaya a mphatso. A Wailesi atakhuta, atatsamira pampando wofewa, anaona kuti apanso ayenera kusiyapo kanthu.

Anafotokoza za makaniko. Anati garaja imene ankadzitama nayo pafoni si yake, iye ndi wongotumidwa, womuitana ndi likhweru ngati galu. Anati chipinda chawo n'chaching'ono moti ukayetsemula umapepesa khoma. Nkhuku imene anawaphikira, anati, iyenera kuti inafa ndi ukalamba, pakuti nsagwada zikuwawabe. Ndipo pofuna kuti nkhani ikome, anawonjeza nsikidzi zimene sanazione n'komwe, nati zinawalandira bwino kuposa eni nyumba. Mkazi wa telala anaseka mpaka kuvula magalasi. Telala sanaseke kwenikweni. Anangofunsa ngati makaniko ali bwino m'thupi, nati munthu amene wakusiyira bedi lake wakupatsa zonse zimene ali nazo. A Wailesi anati zoona, mnzawoyo mtima ali nawo, chimene alibe ndi malo ouikapo. Usiku umenewo nkhani zinayenda mpaka pa anthu akwawo, mmodzimmodzi, ndipo palibe amene anatsala.

Chimene a Wailesi sankadziwa n'chakuti amayi awiriwa ankadziwana bwino. Mkazi wa makaniko ankagulitsa madiresi osokedwa pashopu ya mkazi wa telala, ndipo ankaimbirana foni pafupipafupi. M'mawa mwake, atatha kukambirana za katundu, mkazi wa telala anaponyapo nthabwala. Anamuuza mnzakeyo kuti agule mankhwala a nsikidzi, mlendo wafika atatupa, ndipo ulendo wina nkhuku aziyamba wafunsa zaka zake.

Mkazi wa makaniko anali atasunga nkhani ya mwana ija mumtima, osauza munthu. Koma mayi amene wagona pansi pa simenti chifukwa cha mlendo, n'kumva kuti malipiro ake ndi nsikidzi, mtima wake sukhalanso ndi chotsekera. Anayankha kuti mlendo yemweyo ali ndi nkhani zokoma zambiri, amufunsenso za mtsikana amene telala anasiya kwawo, wa mphuno ngati ya bambo ake.

A Wailesi anali kumwa tiyi pamene anamva chitseko cha kuchipinda chikutsekedwa mwamphamvu. Anamva mawu a mayi akukwera, mawu a bambo akutsika, kenako kulira. Anayesa kutchera khutu mwachizolowezi, mpaka anamva dzina lawo likutchulidwa. Apo tiyi anawawira mkamwa.

Patapita nthawi telala anatuluka, maso ali psuu, atanyamula chikwama cha mlendo chomangamanga kale. Sanakalipe. Anachiika pakhomo, nayima pambali.

"Nkhani imeneyi ndikanamuuza ndekha," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna poyambira. Inu mwandipezera, zikomo. Tsopano tisiyeni tiikambe awiri."

A Wailesi anayamba kufotokoza kuti iwo sananene mwa choipa, komanso sanauze mayiwo, anauza anthu ena. Telala anawayang'ana ngati akuyang'ana nsalu yodulidwa molakwika, yosathekanso kuilumikiza. Anawafunira ulendo wabwino. Malaya a mphatso aja anatsala patebulo, dzanja limodzi lisanasokedwe.

Anatuluka mumzindamo mothamanga, osayang'ana kumbuyo, ndipo za tcheni sanazikumbukire. Tchenicho chinawakumbukira chokha. Chinaduka masana a tsiku lachiwiri, pachitunda, tauni ya makaniko ikuonekera patali. Njinga imene inkabangula ija inasanduka mtolo wa zitsulo. Anaikankha dzuwa lili paliwombo, jekete yachikopa ikuwaphika ngati mphika, magalimoto akuwadutsa ndi huta. Koma mumtima ankadzilimbitsa kuti mnzawo wapaubwana sangawataye.

Anamupeza makaniko ali pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Anamuitana mwachikondi kuti achimwene. Miyendoyo inakhala kaye phee, kenako mwini wake anatuluka pang'onopang'ono, akupukuta manja ndi kansanza.

"Mwabwera, bambo," anatero. Sanawatchulepo bambo chibadwire. "Za njingazo mukambe ndi abwana. Garaja si yanga, inu mukudziwa. Ine ndimadikira likhweru."

Anabwereranso pansi pa galimoto. Bwanayo anati tcheni cha mtundu umenewo kulibe m'tauni monse, n'chochita kuitanitsa, ndipo anthu ake ali ndi ntchito zina. A Wailesi anazungulira kuseri, kumene anapeza mkazi wa makaniko akuyanika zovala. Mayiwo anawapatsa moni waulemu wonse, anawatulutsira mpando panja, nawapatsa madzi akumwa m'kapu yoyera bwino. Atafunsa ngati angalowe kuti apumuleko, mayiwo anapepesa.

"M'nyumba musalowe, alamu. Nsikidzi zingakumalizeni. Ndipo lero taphika masamba okha, nkhuku zathu zonse n'zokalamba."

A Wailesi anamwa madziwo, anabweza kapu, nabwerera kunjinga yawo.

Komabe makaniko sanali munthu wouma mtima mpaka kusiya mnzake pamsewu m'dziko la eni. Anakambirana ndi dalaivala wa lole yonyamula mbuzi imene inkawoloka malire, nathandiza kukweza njingayo ndi kuimanga ndi zingwe, osalankhula ndi mwini wake ngakhale liwu limodzi. Kutsogolo kunali kodzaza, choncho a Wailesi anakhala kumbuyo, pakati pa mbuzi, atakumbatira chipewa chawo. Ulendo wonse mbuzi zinkalira, ina ikutafuna lamba wa chikwama, ndipo iwo anali omvera.

Lole inawatsitsa pamsika wa kwawo dzuwa likupendeka, anthu ali mbwee. Anakankha njinga mpaka kunyumba akununkha tonde, akukonza m'mutu nkhani ya mmene anathawira achifwamba. Koma pakhonde anapeza alamu awo, mchimwene wamkulu wa akazi awo, atakhala pampando manja ali pamawondo. Akazi awo anali chiimire pakhomo, atavala zapaulendo.

Mayiwo sanafunse za njinga kapena za fungo. Anati mkazi wa telala anawaimbira foni, poona kuti si bwino mkazi mnzake akhale yekha wosadziwa zimene zinakambidwa patebulo lake.

"Akuti munandikwatira pondimvera chisoni," anatero mofatsa. "Akuti ndikagona ndimalira mkonono kuposa njinga yanuyi, ndipo abale anga amabwera kuno kudzakhuta. Ndawaitana achimwene kuti amve okha kuchokera kwa inu."

A Wailesi anafufuza m'mutu, koma sanakumbukire n'komwe kuti mawu amenewo anawanena ola liti. Anangodziwa kuti ndi awo, pakuti anali ndi kakomedwe kawo. Anayesa kunena kuti zinali nthabwala. Alamu awo anati nawonso amakonda nthabwala, ndipo adzabwera Loweruka ndi akuluakulu a banja kuti adzaseke onse pamodzi. Kufikira tsikulo, mlongo wawo akakhala kwa iwo, kumene mkonono wake susokoneza munthu.

Alamuwo ananyamula chikwama cha mayiwo, natuluka pageti. A Wailesi anatsala chiimire pabwalo, atagwira njinga yosayenda, anansi akusuzumira pampanda. Anali atawoloka malire kukaona abwenzi awiri, ndipo anabwerako alibe ndi mmodzi yemwe, kunyumba nako moto utazima. Malo onse amene anapondamo, mapazi awo mphepo inali itafufuta kale, koma mawu awo anali akuyendabe, opanda mafuta, opanda pasipoti. Akuluakulu sananame pamene anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.