Mbale Yoitanira Nkhandwe

Kalekale, waya uja asanamange kuzungulira nkhalango, padali nkhandwe yaikazi dzina lake Nang'ambe. Adamutcha choncho chifukwa khutu lake lidali long'ambika. Adaling'amba ndi mwala mlimi wina, tsiku lomwe Nang'ambe adasuzumira m'khola la nkhuku akadali wamng'ono.

Nang'ambe sadasunge chakukhosi. Masiku amenewo zinthu zidali zodziwika. Munthu akaona nkhandwe, ankawerama n'kutola mwala. Nkhandwe ikaona munthu wawerama, inkathawa. Munthu kwawo, nkhandwe kwawo.

Ndiye kudabwera munthu wachuma, dzina lake Chigwenembe. Adathamangitsa alimi ngati agalu, adagwetsa makola, n'kumanga nyumba zogona alendo pomwe padali minda ya anthu. Alendo adayamba kufika pa magalimoto, makamera ali m'khosi, kudzaona nyama. Koma nkhandwe zikangoona munthu, liwiro. Alendo adadandaula kuti pachithunzi pakungooneka mchira.

Chigwenembe adaika lamulo loti wogenda nyama aliyense ntchito yamuthera. Kenaka adauza wophika wake, Mkwezalamba, kuti dzuwa likapendeka azinyamula mbale yachitsulo ya makombo, aziimenya ndi supuni kuseri kwa khitchini.

Ngwe, ngwe, ngwe.

Poyamba nkhandwe zidangoima patali n'kumanunkhiza. Mawa lake zidasendera. Mkuja wake zidadya.

Nang'ambe adali ndi mwana mmodzi yekha, Kaphulusa. Ena onse adamwalira chaka cha njala. Adamuchenjeza kuti mbale ija asaiyandikire, chifukwa mwala iye ankaudziwa chomwe umanena, koma dzanja lotambasula sankalidziwa.

Kaphulusa adaseka. "Amayi, inu anthu adakupatsani mwala. Ine andipatsa ntchafu ya nkhuku, yokazinga kale. Wochenjera ndani pamenepa?"

Ngwe, ngwe, ngwe. Kaphulusa ankakhala woyamba kufika. Adasiya kukumba mbewa. Adasiya kudikira ngumbi pachulu. Adanenepa mpaka khosi kusowa. Adaphunzira kuti munthu akakulozetsa chinthu chakuda, diso limodzi atatsinzina, umakhala pansi n'kupendeketsa mutu. Ukatero amaomba m'manja, nyama n'kugwa. Adayamba kudyera m'manja mwa alendo. Alendo adamukonda, magalimoto adachuluka, Chigwenembe adamanga nyumba zina.

Tsiku lina kudabwera bambo ndi kamwana kake kakakazi. Bamboyo adakagwiritsa fupa, iye n'kubwerera m'mbuyo ndi kamera. Adakauza kuti kakweze dzanja kuti nkhandwe idumphe. Kaphulusa adadumpha, fupa lidali patali. Bambo adati chithunzi sichidatuluke bwino, abwereze. Adabwereza. Adatinso abwereze. Kaphulusa malovu ali chuchuchu, adadumpha ndi mphamvu zake zonse. Mano adagwira fupa, adagwiranso zala.

Magazi. Kamwana kadalira. Bambo uja sadanene za fupa, sadanene za kubwereza. Adati chilombo changotulukira n'kulumphira mwana wake. Alendo adalongedza, magalimoto adapita.

Chigwenembe adaitanitsa anthu amfuti. Adati nkhandwe za kuno zalusa, zonse zithe. Amfutiwo adayendayenda m'tchire osapeza kanthu. Ndiye Chigwenembe adati asavutike, pali njira yachidule. Adaitana Mkwezalamba n'kumupatsa mbale. Mkwezalamba adati mkono ukumupweteka. Chigwenembe adati ofuna ntchito ya kukhitchini ndi ambiri pageti. Mkwezalamba adatenga supuni.

Ngwe, ngwe, ngwe.

Nang'ambe adali ataona zonse ali pachulu. Adaima panjira n'kutsekereza mwana wake.

"Lero usapite, mwana wanga. Kuseri kwa mulu wa nkhuni kwagona anthu."

"Ndawaona, amayi. Abwera ndi makamera aataliatali. Lero ndiye tidya."

Nang'ambe adamugwira mchira ndi mano. Kaphulusa adapulumuka, ubweya n'kutsala m'kamwa mwa amake. Adathamanga, anzake ali pambuyo. Nang'ambe, amene sadapondepo pabwalo lodyera makombo lija chibadwire, adamutsatira mpaka pakhomo pa khitchini.

Mkwezalamba adamuona, mayi wokalamba wa khutu long'ambika. Adasiya supuni. Adawerama, adatola mwala, adamugenda m'nthiti. Nang'ambe mtima unkafuna mwana, koma miyendo idakumbukira zakale. Idamunyamula yokha mpaka m'tchire.

Atacheuka, adaona Kaphulusa ali pakati pa bwalo. Anthu adali atamulozetsa zinthu zakuda, diso limodzi atatsinzina. Kaphulusa adakhala pansi bwinobwino. Adapendeketsa mutu.

Mfuti zidalira.

Palibe nkhandwe yodya m'mbale idatsala. Adazikokera kudzenje la zinyalala, komwe ankataya makombo omwe aja. Mkwezalamba adachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, poti adagenda nyama, ndipo lamulo ndi lamulo. Bambo wa kamera palibe adamufunsa kanthu. Chigwenembe palibe adamufunsa kanthu. Adangokhoma chikwangwani choletsa kudyetsa nyama, ngati kuti ankadyetsa ndi wina. Alendo atabweranso, adadandaula kuti malo ano nkhandwe kulibe.

Nang'ambe adatsala yekha. Dzuwa likapendeka ankakwera pachulu n'kumalira, kulira kwake ngati mbale ija. Mpaka lero nkhandwe ikalira pafupi ndi mudzi, anthu amati ikulosera maliro. Bodza. Ikulira maliro amene adachitika kale.

Tsono mverani, ana inu, poti mumathamangira aliyense wokuitanani ndi chakudya. Nkhandwe sidapemphe mbale. Adaiitana ndi anthu, adaizoloweza ndi anthu, adaichotsa mantha ndi anthu. Itachita zomwe adaiphunzitsa, adaitcha chilombo. Woigenda uja ndiye ankaifunira moyo. Mukakumana ndi nyama ya m'tchire, ionereni patali, manja anu akhale m'thumba. Ikasendera, weramani.

Ine nthano yanga yathera pomwepo, pachulu paja.