Mawere m'Dengu

Panali mayi wina, dzina lake Nasikelo, amene anapatsidwa makiyi a nyumba yosungiramo mbewu ya kalabu ya alimi.

Nyumbayo inali ndi mwambo wake. Kale aliyense ankabwera ndi zofuna zake: uyu dengu lija la pakona, uyo thumba lomwe lija la chaka chatha. Likapezeka lang'ambika, kapena wina watenga kale, mkangano unkabuka pomwepo. Ndiye anagwirizana kuti mlimi azingoima pazenera n'kunena kuti, "Chosungira chimanga," kapena, "Chosungira nyemba," n'kusiya mbewu yake, n'kumapita. Kusankha chiwiyacho inali ntchito ya wamakiyi.

A Kachigunda, amene anagwira ntchitoyo zaka zambiri, maso anayamba kuwavuta. Pomupatsa Nasikelo makiyi anati, "Mwana wanga, usadzivute. Aliyense wobwera pano akufuna chosungira. Kaya ndi cha mbewu yanji, iwe tola dengu."

Ndipo zinayendadi. Chimanga chinakhala bwino m'dengu, nyemba nazo, mtedza, nandolo, ngakhale khobwe. Madengu akale atatha, Nasikelo anatenga ena kwa woluka wina, ndipo palibe mlimi anadziwa kuti asintha. Manja ake anazolowera, moti ankatola dengu munthu asanamalize kulankhula.

Tsiku lina kunabwera a Nazimbiri, mayi wachikulire, atanyamula kamtolo ka m'chitenje.

"Nasikelo, mng'ono wanga, chosungira mawere. Uwasamale, ndi omaliza amenewa. Anzanga onse anathamangira chimanga cha m'sitolo, wotsala nawo ndine ndekha."

"Musade nkhawa, achemwali. Muno ngakhale khoswe amayamba waodira."

"Khosweyo sindimuopa ine. Ndimaopa changu chakocho."

Anaseka onse, a Nazimbiri n'kumapita.

Nasikelo anatola dengu, namasula chitenje, nakhuthula. Akulinyamula kupita nalo pathandala, anamva kaphokoso kapansipansi, ngati mvula yowaza. Poyang'ana pansi, anaona mawere akutuluka m'mipata ya nsungwi, kanjira kofiira kakumutsatira kuchokera pazenera. Nkhuku zinali zitalowa kale.

Anakhala pansi pomwepo, dengu pamiyendo, kuti otulukawo agwere m'nsalu yake. Anaingitsa nkhuku, nakankha chitseko ndi phazi. Kenaka anasonkhanitsa apansiwo ndi manja, nawapeta m'lichero. Ena anali atapita ndi nkhuku, ena atalowa m'ming'alu.

Mtima unamuuza kuti ataye malangizo a Kachigunda, aliyense azidzisankhira ngati kale. Koma anayang'ana madengu aja, ali ndandanda, odzaza, osatayika kanthu. Dengu silinalakwe. Linangopatsidwa mbewu yosakhala yake.

Anatenga mtsuko, nathiramo mawere aja ndi phulusa pang'ono, namata pakamwa ndi dothi. M'chitenje muja munali ngala imodzi yosapuntha. Anaimangirira m'khosi mwa mtsukowo ndi luzi, ikhale chizindikiro. Mtsuko wina anaumangirira nthambi ya chitowe, ngakhale panalibe amene anali atabweretsa chitowe. Kuyambira pamenepo, munthu akatchula mbewu, iye ankayamba wayang'ana kumitsuko. Ikakhala kuti ilibe mtsuko wake, ndiye ankatola dengu.

Mvula itayandikira, a Nazimbiri anabwera. Anaswa dothi lija, nasuzumira m'kati.

"Achepatu awa."

"Achepa, achemwali. Ndinayamba ndawathira m'dengu."

A Nazimbiri anapisamo dzanja, nawaseweretsa m'zala nthawi ndithu.

"Okwana kamunda kamodzi alipo," anatero. "Koma nkhuku zimenezo, imodzi ndi yanga."

Tsono inu amene mumalumikiza zigawo za mapulogalamu a kompyuta, wamakiyi uja ndinu. N'chabwino kuti chigawo chizingonena chimene chikusowa, osatchula chochipatsa. N'chabwinonso kukhala ndi lamulo limodzi la mitundu yonse ya zopemphedwazo, ngati dengu lija, limapepuza ntchito. Koma musanakhuthule, mvetserani mpaka wopemphayo amalize. Mtundu wosakhala m'dengu muumangire mtsuko wake lero, poti nkhuku sizichedwa, ndipo si mbewu yonse imene ili ndi yotsala kwina.